Kodi methadone angagawidwe kuti athandizenso ululu wa msana?

Anzanga, makamaka madokotala, anamwino ndi inu amene munadutsamo, ndithandizeni nzeru.

Achimwene anga anavulala msana pa ngozi ya galimoto ndipo ululu wake sunathe mpaka lero. Anayamba ndi tramadol, kenako morphine, omwe ndi mankhwala amphamvu oletsa ululu, mpaka thupi linazolowera moti sankatha kukhala osamwa. Panopa ali pa methadone, mankhwala oletsa chibaba cha mankhwala ngati amenewa, 70 mg kamodzi m'mawa uliwonse kuchipatala. Chibaba chija chinatha ndithu, koma dzuwa likamapendeka ululu umabwerera mwamphamvu, usiku sagona.

Ndikudziwa kuti methadone amakhalitsa m'thupi, nthawi zambiri kupitirira tsiku, n'chifukwa chake kumwa kamodzi kumakwanira kuletsa chibaba. Koma mphamvu yake yoziziritsa ululu imatha pakadutsa maola 6 mpaka 8 okha. Ndiye kodi dokotala angagawe mlingo womwewo kuti azimwa katatu pa tsiku m'malo mowonjezera? Kuwonjezerako ine ndikuopa kwambiri, poti mankhwalawa amaunjikana m'thupi kwa masiku angapo, munthu n'kusiya kupuma ali m'tulo. Nanga poti amamwera pamaso pa namwino, zimatheka bwanji kuti ena azitengera kunyumba?

China n'chakuti akumwanso mankhwala a TB, ndipo ena mwa mankhwalawo, otchedwa rifampicin, amachepetsa methadone m'magazi. Kodi mwina vuto lagona pamenepa? Akadzamaliza a TB, mlingo uyenera kuunikidwanso liti kuti usawachulukire? Nanga poti ali pa methadone, mtima aziwayeza kangati ndi ECG, makina oyezera kagundidwe ka mtima?

Sitisintha kanthu patokha ayi. Ndikufuna tikamapita kwa dokotala tikhale tikudziwa zoti tikafunse.