Mawu olemba pa chiliza cha agogo

Tadala: Mwadzuka bwanji nonse. Osema mwala andiimbiranso, akuti pofika Lachisanu tiwapatse mawu olemba pa chiliza, apo ayi mwalawo sutheka pa 10 Okutobala. Amalipiritsa powerenga zilembo, ndiye chonde tisalembe ulaliki wonse.

Esnati: Tisanafike kumeneko, za ndalama. Tinagwirizana K80,000 khomo lililonse. Amaliza ndi achimwene a Lameki, ine ndi Tadala. Achemwali a Agnesi apereka theka. Enanu mukudzidziwa. Simenti sikudikira munthu, yakweranso.

Chisomo Joni: Aroma 3:23. "Pakuti onse anachimwa, naperewera pa ulemerero wa Mulungu." Lembani imeneyo. Aliyense wofika kumandako aziwerenga n'kudzifunsa.

Esnati: Vesi talandira Chisomo. Marandi aja ndi amene sitinalandire.

Agnesi: Pa chiliza cha bambo anga tilembepo zoti anachimwa? Mukudziwa pakamwa pa anthu a kumudzi. Nkhani zinagona kale zija zidzadzuka tsiku lomwelo.

Chisomo Joni: Vesi ikuti ONSE amayi. Inu, ine, abusa, Papa, onse. Si ine ndinalemba, ndi Paulo.

Agnesi: Papa walowapo bwanji apa?

Tadala: Tiyeni tisapite kumeneko chonde 🙏

Malume Lameki: Chisomo mphwanga, vesi yako ndi yoona koma wayidula pakati. Chiganizocho chimapitirira pa 24, kuti tiyesedwa olungama kwaulere ndi chisomo chake, mwa chiombolo cha mwa Khristu Yesu. Ukalemba 23 yokha wamuuza wodwala dzina la matenda n'kumubisira mankhwala. Ku kalasi tinkaloweza zinthu zitatu zimene munthu ayenera kudziwa: kukula kwa zoipa zake ndi tsoka lake, momwe aomboledwera, ndi momwe ayamikira Mulungu chifukwa cha chiombolocho. Bambo ankatifunsa zimenezi madzulo tikukonola chimanga, wolephera ankakatsuka mbale. Choyambacho sankalola kuti tichitchule chokha.

Tadala: Malume ndime ziwirizo pamodzi zilembo zipitirira 100. Ndalama yake ndi mbuzi.

Esnati: Mbuzi yatchulidwa, ndikumbutse. Ziwiri zija zapezeka koma mwini wake akufuna chikole sabata ino. Mpunga ndagula kale wa kilombero, thumba limodzi, ndi ndalama yanga. Ndalemba.

Agnesi: Thobwa ndiphika ine ndi ana anga.

Chisomo Joni: Thobwa lokhalokha chonde. Pa sadaka ija kuseri kwa nkhokwe kunali zina.

Agnesi: Iwe unali ku Joni, unaziona bwanji za kuseri kwa nkhokwe?

Tadala: @Limbani uliko? Ukuwerenga, tikuona. Tenti unati ndi yako.

Agnesi: Ine pempho langa ndi lija lija. Ndikufuna Misa yowapempherera bambo.

Malume Lameki: Achemwali, tinakambirana. Kumanda atsogolera ndi abusa a CCAP chifukwa bambo anamwalira ali wa mpingo umenewo, ndipo ife sitipempherera omwalira. Timakhulupirira kuti mlandu wa munthu unatha pamtanda, palibe chimene otsalafe tingawonjezere. Mawu a tsikulo ndi a ife amoyo. Koma mukapereka Misa ku parishi kwanu palibe akukuletsani.

Agnesi: Ndidzatero pa 2 Novembala, tsiku lokumbukira omwalira onse. Ifenso timadziwa kuti wopulumutsa ndi Yesu, musamatione ngati sitiwerenga. Kungoti sitileka kupempherera munthu chifukwa choti wagona.

Chisomo Joni: Funso ndi limodzi basi. Kodi agogo anabadwa mwatsopano? Yohane 3:3. Kukhala mu mpingo zaka 50 sikupulumutsa. Kuimba kwaya sikupulumutsa. Kumanga tchalitchi sikupulumutsa.

Malume Lameki: Pa zoti ntchito sizipulumutsa sitikutsutsana, Aefeso 2:8-9 tinaidziwa iwe usanabadwe. Koma mtima wa bambo anga si iwe woyeza.

Chisomo Joni: Ine ndikungonena Mawu. Aroma 3:23.

Esnati: Ndipo ine ndikungonena K80,000. Mukuru imagwira ntchito ngakhale Lamulungu.

Tadala: 😂😂

Mercy: Moni nonse, ndinalibe bandulo. Ndapeza mauthenga ambirimbiri. Kodi nsalu ya banja tikusokabe? Ndinaona ya buluu yabwino ku Limbe.

Esnati: Nsalu tidzakamba aliyense akamaliza za mwala. Iwenso Mercy dzina lako lili pa amene sanapereke.

Mercy: Malipiro akangolowa amayi.

Fanuel: Pepani achimwene ndi achemwali, ine sindilankhulalankhula muno, mukudziwa chifukwa chake. Ndatumiza K80,000 ya khomo lathu pa Airtel Money ya achemwali a Esnati. Za vesi, ngati mungandilole. Masabata omaliza aja ndinkagona nawo ine usiku kuchipatala. Akadzuka pakati pa usiku sankapemphera zambiri, ankangobwereza mawu a wamsonkho uja wa pa Luka 18:13, "Mulungu, mundichitire chifundo, ine wochimwa." Tsiku lina ndinawauza kuti bambo, mpingo unakubwezerani kale ku Mgonero, zinatha zija. Anati mpingo unandibwezera, eya, koma pempheroli silinali la zaka ndinadulidwa zija zokha, ndi la tsiku lililonse.

Esnati: Ndalama yafika achimwene. Zikomo.

Agnesi: Sindinkadziwa kuti munkagonako inu.

Fanuel: Masana munali inu, ndiye sitinkakumana.

Malume Lameki: Wamsonkho ameneyo Yesu anati ndi amene anatsikira kunyumba kwake woyesedwa wolungama, osati Mfarisi wosala kudya kawiri pa sabata uja. Ndiye uchimo ulimo, chifundo chilimo, ndipo ndi mawu a mwini wake. Ine ndavomera.

Agnesi: Mawu oti wochimwa adakalipobe. Koma poti akudzinenera okha, si ife tikuwaloza chala, ndilibe mawu. Anthu akayankhula muwayankhe ndinu achimwene.

Chisomo Joni: Ndi yabwino koma dzina la Yesu mulibemo. Pansi pake muwonjezere Aroma 6:23, mphotho ya uchimo ndi imfa koma mphatso yaulere ya Mulungu ndi moyo wosatha mwa Khristu Yesu. Ndipo pa pulogalamu mundipatse mphindi 10 ndiitane anthu kulapa.

Malume Lameki: Wolalikira ndi mmodzi. Iwe udzawerenga Mawu, ukafika.

Chisomo Joni: Basi ndakonza kale, ndinyamuka pa 7.

Esnati: Ya basi ilipo ndithu.

Tadala: Ndawerenga, ya Luka ili ndi zilembo 38, kuphatikiza dzina ndi zaka tikwanitsa. Chisomo ukafuna ya Aroma pansi pake ulipire wekha zilembo zake, pamwamba pa K80,000. Malume, chaka chobadwa tilembe cha pa chiphaso cha ubatizo kapena cha pa ID? Zikusiyana.

Malume Lameki: Cha ubatizo. Cha pa ID anangoyerekeza.

Limbani watuluka m'gulu

Mercy: Iii

Esnati: Tadala mubwezeremo ameneyo. Nanga tenti?