Kukakwera mapiri kunja ndi ndalama zochepa: ndiumire pati?

Mlendo_Watsopano:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndikukonza ulendo wa milungu itatu kunja, chikwama kumsana, kugona m'mahosteli komanso kukwera mapiri masiku angapo. M'thumba simuli bwino kwenikweni. Ndi zinthu ziti zimene munthu angaumire osavutika, nanga ndi ziti zimene kuumira kwake n'kudziputira mavuto? Komanso chikwama chikhale chachikulu bwanji?

Mayi_Mtunda:
Yambani ndi chikwamacho, achimwene, chifukwa ndi chimene chimadya ndalama mwakachetechete. Cha malita 40 n'chokwanira. Ndege zambiri zotchipa zimalola kukwera nacho m'kati ngati sichikupitirira makilogalamu 7 ndipo kukula kwake kuli pafupifupi masentimita 55 x 40 x 20, koma muwerenge malamulo a kampani iliyonse musanagule tikiti, poti ena amalipiritsa ngakhale chimenechi. Mukagula cha malita 70 mudzachidzaza basi, ndiye muzilipira pa ndege iliyonse, kumapirinso msana uzikulirani.

Chikalongedwa chisapose gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwa thupi lanu. Zolemera ziikeni pakati, moyandikana ndi msana, zopepuka pansi. Povala, mangani kaye lamba wa m'chiuno kuti akhale pamwamba pa mafupa a m'chiuno, kenako malamba a m'mapewa. Mapewa akamawawa pakangotha ola limodzi, ndiye kuti lamba wa m'chiuno ndi wolefuka kapena chikwamacho sichikugwirizana ndi kutalika kwa msana wanu.

Zovala mutha kugula zakaunjika, palibe vuto, bola zisakhale za thonje. Thonje likanyowa ndi thukuta siliuma msanga, ndipo mphepo ikawomba pamwamba limakuzizirani koopsa. Nsapato zokha musaumire, ndipo muzivale kwa milungu ingapo musananyamuke. Nsapato yatsopano paphiri ndi matuza tsiku loyamba lomwe.

Mkulu_wa_Zitunda:
Pamene anthu osowa ndalama amalakwitsa kwambiri ndi pa masiku. Ulendo wa masiku asanu ndi awiri amaufinya kuti ukhale wa masiku asanu pofuna kupulumutsa ndalama za wolondolera ndi malo ogona, kenako amabwerera panjira osafika pamwamba, ndalama zonse zitapita.

Matenda a kumtunda, obwera chifukwa cha kuchepa kwa mpweya pamwamba pa phiri, amayamba kugwira munthu akapitirira mamita 2,500, ndipo sasankha kuti uyu ndi wamphamvu. Mukadutsa mamita 3,000, malo ogona asakwere kuposa mamita 500 pa tsiku, ndipo pakatha masiku atatu kapena anayi mupume tsiku lathunthu. Masana mutha kukwera pamwamba n'kubwerera kudzagona m'munsi, zimenezo zimathandiza thupi kuzolowera. Mutu ukamawawa limodzi ndi nseru kapena kusafuna kudya, musakwerenso. Munthu akayamba kudzandira ngati woledzera, kusokonezeka mutu, kapena kubanika ali chikhalire, atsike nthawi yomweyo ngakhale usiku, osadikira kuche. Pali mankhwala a acetazolamide amene amathandiza kupewa, koma akulembereni ndi dokotala.

Kumbukiraninso kuti pa mamita 1,000 aliwonse amene mwakwera kumazizira ndi madigiri pafupifupi 6.5. Pansi mukhoza kumatuluka thukuta pamene kumsasa madzi akuundana.

Chachiwiri chosaumira ndi inshuwalansi. Musangoona mtengo, werengani tizilembo tating'onoting'ono tija. Zambiri zotchipa zimaika malire a kutalika kwa phiri, ndipo zina sizilipira ndege ya helikopita yodzakutengani. Ngati njira yanu ikudutsa malo ngati Thorong La ku Nepal, amene ali pa mamita 5,416, pepala lanu linene momveka kuti likufika pamenepo.

Wamsasa:
Ndikugwirizana ndi mayi Mtunda, koma pang'ono pokha ndisiyane nawo. Mpeni, ndodo zoyendera ndi zikhomo za tenti kawirikawiri amalanda pachipata mukafuna kulowa nazo m'kati mwa ndege. Ndiye musankhe: kulipira katundu wopita pansi pa ndege, kapena kukabwereka zipangizozo komweko. M'matauni a m'munsi mwa mapiri otchuka, ngati Kathmandu ku Nepal ndi Cusco ku Peru, mashopu obwereketsa alipo ambiri. Mabotolo a gasi wophikira saloledwa m'ndege ngakhale m'katundu wapansi, mukagula mukafika. Power bank ndiye mosiyana: iyenera kukhala m'chikwama chimene muli nacho m'manja, ndipo ikaposa 100 Wh (muyeso wa mphamvu imene batire imasunga) pamafunika chilolezo cha kampani.

Madzi a m'mabotolo amakwera mtengo mukamakwera phiri. Wiritsani a mumtsinje kwa mphindi imodzi akabwata, kapena mphindi zitatu mukakhala pamwamba pa mamita 2,000, poti kumeneko madzi amabwata asanatenthe kwambiri. Mapilisi a chlorine dioxide amafuna mphindi 30, koma kuti aphe Cryptosporidium, kachilombo kotsegula m'mimba, pamafunika maola anayi. Kasefa kakang'ono kamachotsa mabakiteriya koma mavairasi amadutsa, ndipo madzi akaundana m'kati mwake kamang'ambika osaoneka, choncho usiku wozizira muzigona nako m'thumba logonamo.

Mlendo_Watsopano:
Zikomo kwambiri nonse. Nanga kugona m'tenti paliponse m'malo mwa hosteli, sikungapulumutse zambiri?

Wamsasa:
Zimatengera lamulo la dzikolo. Ku Norway mutha kumanga tenti pamalo osalimidwa kwa mausiku awiri, bola mutalikire nyumba za anthu ndi mamita 150. Ku Sweden ndi ku Scotland nakonso amalola. M'mayiko ena ambiri a ku Ulaya mukagwidwa mulipira chindapusa choposa mtengo wa bedi la m'hosteli. Mapiri enanso simungalowe nokha: Kilimanjaro amafuna wolondolera wovomerezeka, ndipo pa njira ya Inca Trail ku Peru amalola anthu 500 okha pa tsiku kuphatikizapo onyamula katundu, zilolezo zimatha kudakali miyezi ingapo, ndipo mu February njirayo imatsekedwa.

Mayi_Mtunda:
Ndinaiwala chimodzi. Makina a ATM akakufunsani ngati awerengere ndalama ya kwanu kapena ya dziko limene muli, sankhani ya dzikolo, chifukwa akasintha okha amadula mokweza. Pasipotinso muione lero, mayiko ambiri amafuna ikhale ndi miyezi isanu ndi umodzi isanathe ntchito.