Thandizeni: makamera ozindikira nkhope m'masitolo kuno ku UK

Abale anga okhala kuno ku UK, ndithandizeni nzeru. Dzulo ndikukagula mpunga ndi mafuta ophikira m'sitolo ya pafupi ndi kwathu, ndinaona kachikwangwani pakhomo konena kuti makamera awo amazindikira nkhope. Mtima unangoti myuu, poti ndinali ndi mwana wanga wa zaka 9, atandigwira dzanja.

Eni masitolo amati akufuna kugwira akuba, komabe mu 2022 bungwe lomenyera ufulu wa anthu la Big Brother Watch linakadandaula ku ICO, ofesi yoonetsetsa kuti zinsinsi za anthu zikutetezedwa, za makamera a kampani ya Facewatch m'masitolo a Southern Co-op. Lamulo la UK GDPR limandilola kufunsa zomwe akusunga zokhudza ine, ndipo ayenera kuyankha pasanathe mwezi. Alipo analembapo kalata yotere? Munailemba bwanji, ndipo anakuyankhani zotani? Nanga mitengo yotsika imene amanditumizira ine ndekha pafoni chifukwa cha khadi lawo la makasitomala lomwe ndili nalo, imalumikizana ndi makamerawa?