Admin ndibiseni, bwana akufuna tisewere masewera pa ntchito

Wobisidwa dzina: Admin ndibiseni chonde. Abale anga a mu Mzuzu ndigawireni nzeru, mutu waima. Bwana wathu wangobwera kumene kuchokera ku maphunziro ku Mangochi, ndiye akuti Lachisanu likudzali tikhale pansi tonse, tisewere masewera ndi kujambula zithunzi kuti tizimvana pa ntchito. Woti atsogolere wasankha ine. Ine amene chilowereni sindinapondeko ku wekishopu, amapita ndi omwewo omwewo, n'kumabwerako ndi zikwama zatsopano. Pali mayi wina pa ofesi pathu, dzina sinditchula, wayamba kale kuuza anthu kuti ndikufuna mpando wake. Mayi yemweyo ali ndi ngongole yanga kuyambira Januwale, tikakumana amangoyang'ana kumbali. Komanso ndimakhala ku Mchengautuwa, kabaza wakwera mtengo, koma akuti ndilawirire kukakonza chipinda ndi chisanu cha Juni chino. Ndalama andipatsa ya mabanzi ndi zakumwa basi. Masewera ake ati oti anthu akuluakulu asandiseke? Ena ndi a msinkhu wa bambo anga.

NyaMhango: Achemwali, muli angati, nanga mumagwira ntchito yanji? Chimene simukumvana ndi chiti kwenikweni? Masewera a anthu asanu si a anthu makumi atatu.

Kabaza wa pa Katoto: Sewerani fulaye. Bwana alowe pakati, aliyense amulase ndi mpira kamodzi, mkwiyo wonse utha 😂 Za mtengo wa kabaza musatinamizire, fufuzani kaye mtengo wa mafuta.

Mdala Gondwe: Ana inu mukuona ngati zachilendo. Ife alangizi tinkachita zimenezi m'zaka za m'ma 1990, itafala njira ya PRA, yoti anthu a m'mudzi aziunika okha mavuto awo, imene ankailimbikitsa Robert Chambers wa ku yunivesite ya Sussex ku England. Kunalibe mapepala amitundumitundu. Tinkasesa pabwalo, anthu n'kujambula mapu a mudzi wawo padothi ndi kamtengo. Mwala n'kukhala chitsime, tsamba n'kukhala dimba, phulusa n'kukhala msewu. Lamulo linali limodzi: mlangizi apereke ndodo kwa eni mudzi, iye akhale phee. Mudzi wina cha ku Ekwendeni tinagawa amayi paokha, abambo paokha. Abambo anaika msika, tchalitchi ndi bwalo la mpira. Amayi anaika chigayo, mjigo, ndi kanjira ka kumadzi kamene kamaterera nthawi ya dzinja, komwe abambo sankakadziwa n'komwe. Mudzi umodzi, mapu awiri. Mwana wanga, chita zomwezo, usiye kudandaula.

Tiwonge ICT: Adada, ndi ulemu wonse, pa ofesi sangasese dothi. Sisi, yesani masewera a nsanja. Mugawe anthu anayianayi, gulu lililonse mulipatse timitengo ta spaghetti 20, tepi, chingwe ndi marshmallow (switi yofewa ija) imodzi. Pa mphindi 18 amange nsanja yaitali yoima yokha, marshmallow ikhale pansonga. Mkulu wina dzina lake Tom Wujec anafotokoza pa msonkhano wa TED mu 2010 kuti ana a mkaka amapambana omaliza maphunziro a bizinesi, chifukwa anawo amayesa n'kugwetsa n'kuyesanso, pomwe akuluakulu amathera nthawi kukangana za mapulani ndi za amene atsogolere. Mukatha mufunse: ndani amalankhula yekha, ndani sanamvedwe?

Mdala Gondwe: Kuseweretsa chakudya anthu akugona ndi njala! Ndi zimene akukuphunzitsani masiku ano? Thyolani timitengo ta tsache, pansonga muike kadongo. Ndipo nsanjayo ikagwa mwaphunzirapo chiyani za ntchito yanu? Palibe.

Tiwonge ICT: Cholinga n'choti anthu amasuke kaye, adada.

Mdala Gondwe: Ife tinkamasuka ndi nyimbo. Yaulere.

Bambo a Wongani: Nonse mukuzungulira. Vuto si kumvana, vuto ndi malipiro. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ambirife malipiro sanasunthe. Munthu sanalipire lendi ku Chibavi, inu mukumupatsa cholembera kuti ajambule maluwa? Muuzeni bwana wanuyo akweze malipiro, muona mmene anthu agwirizanire.

Aunt Grace: Ine za masewera ndinalapa. Kumene ndinkagwira kale anatitengera ku Nkhata Bay, akuti wina agwe chagada mnzake amuwakhe, tiphunzire kukhulupirirana. Woti andiwakhe anali akuyankha foni. Msana uno kukazizira ndimamukumbukira. Madzulo ake akuti aliyense alembe chomupweteka pa kapepala, asalembe dzina. Ndinalemba kuti bwana amachedwa kusaina. Anazindikira kalembedwe kanga. Kontrakiti itatha sanandiitanenso.

Mayi Busa L.: Mwana wanga, wabwera kudzafunsa nzeru kapena kudzaneneza mnzako? Ngongole ya Januwale ikulowa bwanji apa? Pita ukalankhule naye pambali, kenako muyambe msonkhanowo ndi pemphero.

Kabaza wa pa Katoto: Amayi, pemphero silibweza ngongole.

Mayi Busa L.: Iwe ndiye ndikupempherera padera.

NyaMhango: Pamene tikudikira yankho, nayi yomwe imagwira pena paliponse. Aliyense ajambule mmene amaphikira nsima, zithunzi zokhazokha, osalemba mawu, mphindi zitatu. Mumate zonse pakhoma. Mudabwa: wina ayambira kutsuka poto, wina kukoleza mbaula, wina ku chigayo, ndipo sipalephera mmodzi woyambira kumunda. Pamenepo anthu amaseka, manyazi a kusadziwa kujambula n'kutha. Kenako mutembenukire ku ntchito yanu. Aliyense ajambule mmene chinthu chimodzi chimayendera kuchokera poyambira mpaka pothera, gawo lililonse pa kapepala kakekake. Musanje timapepalato pakhoma pamodzi. Pomwe anthu awiri akukanganirana kapepala, kapena pomwe pali mpata poti aliyense ankayesa kuti mnzake ndi amene amachita, vuto lanu lili pomwepo. Ndipo musakakamize Chingerezi. Womasuka m'Chitumbuka alankhule Chitumbuka, apo bii alonda ndi oyeretsa angokhala chete mpaka nthawi ya mabanzi.

Mdala Gondwe: Zimenezo ndi zomwe ndanena zija, angoonjezerapo nsima. Koma waiwala kuvota. Gula kapu imodzi ya nyemba ku Zigwagwa. Vuto lililonse likhale ndi chitini chake, munthu aliyense nyemba zitatu, aponye momwe akufuna. Chitini chodzadza ndicho muyambire. Bwana aponye pomaliza, chifukwa akayamba iye onse atsata momwemo. Wosadziwa kulemba naye amavota, ndipo nyemba ilibe kalembedwe koti bwana azindikire, wamva Grace? Ukatero ujambule mtengo wa mavuto: thunthu ndi vuto, mizu ndi zoyambitsa, nthambi ndi zotsatira.

Bambo a Wongani: Ikani chitini cha malipiro muone nyemba zonse kumene zilowe.

Wobisidwa dzina: Zikomo nonse. Koma ndikukayikira kuti mayi uja ali pa gulu pano, lero wandipatsa moni wachilendo. Komanso bwana akuti iye sakhala nawo mpaka kumapeto, ali ndi zina ku Luwinga. Za nsimazo ndazikonda, koma pali wina amene amanyoza chilichonse, anganene kuti ndikuwatenga ngati ana a sukulu. Mapepala akuluakulu aja amagulitsa kuti motchipa?

NyaMhango: Mwayankha zonse kupatula zomwe ndafunsa. Muli angati? Ntchito yanji? Ndipo ngati bwana achoka, zimene mugwirizane akazivomereza ndani?

Tiwonge ICT: Mapepala musagule, tembenuzani makalendala akale. Pomaliza mujambule khomalo pa foni, muponye pa gulu lanu la WhatsApp.

Mdala Gondwe: WhatsApp, WhatsApp. Ife tinkakopera mapu aja m'kope ndi pensulo mvula isanawafufute, ndipo makope enawo ndikadali nawo. Mwana wanga, zikakuvuta ndiuze ndibwere ndekha Lachisanu, ndikhale kumbuyo, wonyozayo ndithane naye. Ndili ku Chiputula kuno. Ungondikonzera ya thiransipoti ndi kankhomaliro.

Kabaza wa pa Katoto: Adada, mwayamba ndi zaulere, mwathera pa alawansi 😂 Mukagwirizana ndiimbireni, ndidzakunyamulani pa mtengo wa masiku ano.