Misoko ya deki ya mlombwa yatseguka, boti likufunika Luangwa isanadzaze

Mabvuto, Kapata: Moni akuluakulu. Tulo sindikupeza. Mu Malichi ndinaika deki (poponda anthu) pa boti la fayiba la mamita 6 la kasitomala wa ku Mfuwe, amene amayendetsa alendo mu mtsinje wa Luangwa nthawi ya dzinja. Pansi ndinayala pulayiwudi ya 12mm, pamwamba timatabwa ta mlombwa ta 45mm m'lifupi, 10mm kuchindikala, tomata ndi epokisi (guluu wochita kusakaniza mankhwala awiri). Pakati pa timatabwa ndinasiya mpata wa 3mm n'kuthira silikoni wakuda. Dzulo anditumizira zithunzi: misoko yayasama, silikoni akusendeka ngati chikopa cha njoka, timatabwa tina tatukula m'mbali. Boti likufunika pamadzi Januwale asanafike. Ndigumule zonse?

aZulu, Katete: Gumula mphwanga, uyambe pena. Ntchito yophatika imabwereranso kwa mwini.

aTembo, Mchini: Ayi aZulu, tisamuthamangitse mwana. Mabvuto, yamba wayankha izi. Matabwa unagula liti, ndipo anakhala masiku angati asanachekedwe? Pulayiwudi ndi ya mtundu wanji? Botilo lakhala kuti kuyambira Epulo?

Mabvuto, Kapata: Ndinagula mu Febuluwale kwa ocheka ndi sowo, mvula ili pakati. Anakhala m'shedi masabata atatu. Pulayiwudi ndi shata ija ya omanga, ya marine, yopangira maboti, sindinaipeze. Madzi atatsika boti analitulutsa, lakhala pamtunda, padzuwa, opanda chofunda.

aTembo, Mchini: Basi nkhani ndi imeneyo. Mlombwa usaunamizire, ndi umodzi mwa mitengo yathu yobwerera pang'ono ikamauma, n'chifukwa chake makolo ankasemera ngalawa ndi ng'oma. Koma masabata atatu a Febuluwale thabwa siliuma, limangouma khungu. Iwe unalimata lidakali ndi madzi, kenaka unalitsitsira kuchigwa. Kuno ku Chipata tili pamtunda, Okutobala timangodandaula thukuta. Ku Mfuwe kutentha kumafika madigiri 40, mphepo yake youma gwa. Kathabwa kalikonse kakabwerera 1mm yokha, msoko wa 3mm wasanduka 4mm. Chomwe chili mumsokomo chikakamizidwa kutanuka gawo limodzi mwa magawo atatu. Sichingapirire.

Ndiponso pali chinthu chimene ambiri sitichiona. Mankhwala a mumsoko ayenera kugwira mbali ziwiri zokha, kumanzere ndi kumanja. Akagwiranso pansi pa pulayiwudi amakhala ngati legeni yomangidwa ponseponse, alibe potanukira, ndiye amang'ambika kapena kusiya thabwa. Ine ndinaphunzira zimenezi nditaononga deki yathunthu, ndinalipira matabwa ndi ndalama ya m'thumba mwanga.

aNaphiri, wa hadiweya: Mabvuto mwanawe, ukanandiuza kuti ndi za boti sindikanakulola kutenga silikoni. Uja ndi wa magalasi ndi m'bafa. Pa thabwa sakhalitsa, sapalika ndi sandipepa, ndipo pamene wakhudza palibe china chimagwirapo. Wa deki ndi Sikaflex 290 DC ndi pulayima yake, yoyamba kupaka kuti mankhwalawo agwire thabwa. Usasokoneze ndi 291, uja ndi womatira zina ndi zina, osati wa misoko yokhalira padzuwa. Kuno sakhala pashelefu, timaitanitsa ku Lusaka. Werengera mamita a misoko yonse undiuze, ndipo akafika uone deti pa chubu.

aMbewe, Mwami: Ine ndinagwirako ntchito ya maboti a matabwa kunyanja, ku Nkhotakota. Kumeneko timakhomera thonje m'misoko ndi chezulo chosathwa, pamwamba phula. Boti likalowa m'madzi matabwa amafufuma n'kufinya thonje lija, dontho osalowa. Koma kwa iwe sizingathandize. Kathabwa ka 10mm n'kopyapyala, ukakhomera thonje kamatuka pa guluu, ndipo phula ku Mfuwe lisungunuka n'kudetsa mapazi a alendo. Chimene ndikufuna uyang'ane ndi kumutu kwa timatabwa tapindikato. Mizere ya mtengo yaimirira kapena yagona?

Mabvuto, Kapata: Zithunzi sizikuonetsa bwino, koma pa zotsala zomwe ndili nazo pano, zambiri mizere yagona ngati uta.

aMbewe, Mwami: Ndizo zapindikazo. Thabwa lochekedwa chogona limabwerera kwambiri m'lifupi ndipo limakhota ngati mbale. La mizere yoimirira limakhala phee. Ukagula thabwa lochindikala, la 50mm, lenga timatabwa kuchokera m'mbali mwake n'kutigoneka, mizere iimirira yokha. Zoyera za kunja kwa mtengo taya, tenga mtima wofiirira wokha. Zoyerazo zimaola ndi kufumbwa msanga.

aZulu, Katete: Zonsezo ndamva, koma shata ija bwanji? Ngati madzi analowa pansi, mukukongoletsa pamwamba pa chinthu choola.

aTembo, Mchini: Apo mwanena zoona aZulu, ndipo ndi pamene pagona chigamulo. Mwayi wake ndi woti misoko yatseguka m'chilimwe, mvula isanagwe. Mabvuto, kwera basi upite ukaone ndi maso. Gogoda kathabwa kalikonse ndi hamala yaing'ono. Kolira nga! nga! kagwira, kolira phu! phu! kamatuka, ika choko. Kenaka baya pulayiwudi ndi sikuludilaiva m'misoko, m'makona ndi m'mphepete. Ikalowa ngati m'mbatata yophika, aZulu apambana, gumula. Ikakana, pulumutsa deki.

Kupulumutsa kwake: chotsa tomatuka ndi topindika tokha. Misoko yonse ikuze kufika 5mm ndi rauta, makina aja ogoba mizere pa thabwa, utakhomera thabwa loongoka loti uzitsata. Ukatero wadya pang'ono mbali iliyonse, ndiye thabwa lodetsedwa ndi silikoni lapita, watsala ndi mnofu watsopano. Pala zotsalira pansi, paka epokisi pa pulayiwudi yoonekera, makamaka m'mphepete mwake. Ikauma yala tepi yopyapyala pansi pa msoko, pukuta m'mbali ndi asetoni wochotsa mafuta, pulayima, kenaka thira mankhwala mothinikiza kuti musatsale mpweya. Mangira tenti pamwamba. Epokisi usakanize pang'onopang'ono, kutentha kuja imauma m'chitini usanathe mzere umodzi. Usapale ndi sandipepa sabata isanathe.

aNaphiri, wa hadiweya: Masikuluwu akhale a stainless. Achitsulo wamba amachita dzimbiri n'kusiya mabanga akuda pa thabwa. Vanishi ayi, deki ikanyowa mlendo aterereka, ndipo mtsinje uja uli ndi ng'ona ndi mvuu.

Mabvuto, Kapata: Zikomo amayi. Nanga matabwa atsopano ndidziwa bwanji kuti auma? Mita yoyezera chinyezi ndilibe.

aTembo, Mchini: Dula kachidutswa pakati pa thabwa, osati kumapeto. Kayeze pa sikelo ya magalamu, kaike mu uvuni wa madigiri pafupifupi 100, uziyeza mpaka kulemera kusiye kutsika. Zomwe zachoka gawa ndi kulemera kotsala, chulukitsa ndi 100. Ukapeza 12 kapena kutsikirapo, cheka. Ukatha kulenga, titengere ku Mfuwe tikagone pafupi ndi boti sabata imodzi usanamate.

Mabvuto, Kapata: Akuluakulu, ndabwerako. Pa timatabwa 38, tomatuka ndi 7, tonse ta mizere yogona monga ananenera aMbewe. Pulayiwudi yakana paliponse, kupatula kona imodzi kumbuyo pafupi ndi injini, pamene madzi ankaima. Pamenepo ndidula ndiike chigamba, ndibooleponso potulukira madzi. Mwini boti ndamuuza zonse mmene zilili, ndipo ntchito ya manja sindimulipiritsa. Thabwa latsopano ndayeza mu uvuni wa mlamu wanga: magalamu 200 atsika kufika 180, ndiye 11. Amayi aNaphiri, mamita a misoko ndakutumizirani pa foni.

aZulu, Katete: Chabwino, ndagonja. Rauta yanga ilipo ndi mpeni wa 5mm, Loweruka ndibwera nayo ku Chipata. Kona ya injiniyo udule mopitirira pomwe pafewa, ulowe pabwino ndi zala zinayi.