Za chithandizo cha Madalitso ku England

Amalume (Zomba): Ndakulonjerani nonse. Nkhani ndi ya mphwanga Madalitso, amene chichokere ku usilikali wa Britain mu 2022 bondo likumusautsabe, ndipo apongozi athu, mkazi wake, akuti usiku amadzidzimuka thukuta lili kamukamu, n'kukhala pabalaza mpaka kucha. Mayi ake akufuna kuti abwere kuno timusamale tokha. Tisanasonkhe ya ndege, timve kwa inu amene muli komweko.

Chisomo (Leeds): Zikomo amalume. Ine ndikupempha kuti achimwene asanyamuke msanga, chifukwa thandizo limene anakhetsera thukuta lili konkuno. Ku Britain, munthu amene anagwirapo usilikali ngakhale tsiku limodzi amawerengedwa ngati msilikali wakale, ndipo zipatala za boma za NHS zimayenera kumuika patsogolo ngati matendawo anabwera chifukwa cha ntchitoyo, pokhapokha pakhale wina amene akudwala kwambiri kuposa iye. Koma madokotala salota. Achimwene analembetsa kwa GP, dokotala wa m'dera lawo, osatchula kuti anali msilikali, motero ali pamzere wa wina aliyense.

Amayi (Ntcheu): Mwana wanga, zamveka, koma amene akundidetsa nkhawa ndi mutu wake, osati bondo. Chibwerere ku nkhondo ku Helmand, m'dziko la Afghanistan, mu 2012 sanakhalenso ngati kale. Kodi kumeneko alipo amene angamumvetse?

Chisomo (Leeds): Alipo amayi. NHS ku England ili ndi nthambi yotchedwa Op COURAGE, yothandiza asilikali akale ovutika maganizo, ndipo munthu akhoza kudziperekera yekha kapena kuperekedwa ndi wachibale. Za bondo pali Op RESTORE, koma kumeneko amene amatumiza ndi GP. Chimene ndikuopa kwambiri n'chakuti achimwene sanatengebe unzika, ali ndi chilolezo chokhazikika chokha, ndipo chilolezo chimenechi chimatha mphamvu munthu akakhala kunja kwa Britain kopitirira zaka ziwiri. Ndiponso chithandizo chaulere cha NHS chimatsata kumene munthu akukhala, sichingawatsatire ku Ntcheu.

Alamu (Coventry): Pepani akuluakulu, ndiwonjezereko za chipukutamisozi. Amuna anga, bambo a Tadala, anavulala bondo pa maphunziro a usilikali mu 2020, ndipo ndondomeko ya Armed Forces Compensation Scheme, imene imaona za ovulala kuyambira pa 6 Epulo 2005, imapereka zaka 7 kuti munthu akadandaule. Nthawi yathu ithera mu 2027, koma mafomu akadali m'chikwama cha pansi pa bedi, chifukwa iwo amati kupempha n'kudzichotsa ulemu. Ndayankhula mpaka ndatopa. Mwina mawu a amalume angawafike pamtima.

Amalume (Zomba): Apongozi, mwachita bwino kutiuza poyera. Chipukutamisozi si mphatso, ndi mangawa a boma limene analitumikira, ndipo ndimuimbira Lamlungu tikaweruka kutchalitchi kuti ndimuuze zimenezi ndekha. Chisomo, iwe upite ku Coventry sabata ino, ukamuperekeze Madalitso kwa GP atanyamula makalata ake otulukira ntchito, ndipo mukapemphe a Royal British Legion, bungwe lothandiza asilikali akale, kuti akuthandizeni kulemba mafomuwo. Ndalama imene tinati tisonkhe isabwezedwe, igwire ntchito ya ulendo wa achemwali anga, kuti akamuone mwana wawo komweko.

Amayi (Ntcheu): Ndavomera achimwene, ngakhale mtima ukuwawa. Pasipoti yanga inatha chaka chatha, choncho wina andiperekeze ku Lilongwe Lachiwiri kuti ndikayambe za yatsopano.