Za laputopu yanga ija, ndasankha 64-bit

Ndabweranso abale, paja ndinafunsa ngati ndichoke pa Windows ya 32-bit kupita ya 64-bit. Ndasintha basi. Ndinaona kaye pa Settings, pa About, palembedwa x64-based processor, kusonyeza kuti laputopu yanga itha kulandira 64-bit, mtima unakhala pansi. Achimwene ena okonza makompyuta ku Area 2 anandiuza kuti 32-bit siitha kugwiritsa ntchito RAM (memory imene kompyuta imagwirira ntchito) yopitilira 4GB, ndiye 8GB ndinagula ija theka limangokhala osagwira ntchito, zinandiwawa bwanji. Koma dziwani sizongodina update ayi, umafufuta zonse nkuyika Windows mwatsopano, ndiye mafayilo ndi zithunzi za ana ndinasamutsira kaye pa flash. Panopa Chrome sikujamanso ngakhale nditsegule ma tab ambirimbiri. Chatsala ndi printer yanga yakale, driver yake ya 64-bit (pulogalamu yoti printer igwire ntchito ndi kompyuta) sikupezeka. Alipo anakumanapo nazo andithandize chonde.